Ku Friedensau, Kumene Supuni ndi Yaimuna

Friedensau ndi kamudzi kobisika m'nkhalango ya mitengo ya paini m'chigawo cha Sachsen-Anhalt, m'dziko la Germany. Mzinda waukulu wapafupi ndi Magdeburg, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30. Wochokera ku Berlin amakwera sitima mpaka ku tawuni ya Burg, ndipo kuchokera pamenepo msewu umadutsa m'minda yathyathyathya, kenako n'kulowa m'mitengo. Phiri kulibe ngakhale limodzi. Maso ozolowera Mulanje ndi Dedza amasowa pokatera.

Abale a Adventist anagula malowa m'chaka cha 1899, pomwe panali chigayo chakale choyendera madzi a kamtsinje ka Ihle. Anatsegula sukulu yophunzitsa atumiki ndi malo opangira zakudya zopatsa thanzi, ndipo patapita zaka zochepa anawonjezera nyumba yochiritsiramo odwala ndi ina yosamaliramo okalamba. Sukuluyo lero ndi yunivesite, yovomerezeka ndi boma kuyambira 1990, ndipo amaphunzitsako za ubusa ndi za chisamaliro cha anthu. M'tinjira ta kumeneko mumakumana ophunzira ochokera m'mayiko ambiri, a ku Africa kuno ali momwemo, akupalasa njinga pakati pa agogo oyenda ndi ndodo.

Ife tinapitako tili anayi, tonse odzipereka pa utumiki wa zaumoyo m'mipingo yathu, ataitana ndi abale a kumeneko kuti tikaone momwe amasamalirira okalamba. Tinakhalako masabata asanu ndi limodzi, kuyambira Okutobala mpaka Novembala. Tisananyamuke tinkati Chingerezi cha ku sekondale chitikwanira. Kwa achinyamata chinakwaniradi. Koma agogo ambiri a dera limenelo anakulira m'dziko lakale la East Germany, kumene chinenero chachilendo cha kusukulu chinali Chirasha. Wofuna kufunsa gogo wotero ngati wagona bwino ayenera kumufunsa m'Chijeremani.

Anatiphunzitsa ndi mayi wina wa mumpingo wa komweko, mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo kalasi inali khitchini yawo. Tsiku loyamba sanatsegule buku. Anayala patebulo supuni, foloko ndi mpeni, n'kumaloza chimodzichimodzi: der Löffel, die Gabel, das Messer. Dzina lililonse m'Chijeremani limayamba ndi chilembo chachikulu, ndipo limayenda ndi kamawu kake patsogolo. Timawuto tilipo titatu. Mabuku amati der ndi ka mayina aamuna, die ka mayina aakazi, das ka mayina osakhala aamuna kapena aakazi. Ndiye kuti supuni ndi yaimuna, foloko ndi yaikazi, mpeni uli pakati. Dzuwa, die Sonne, ndi lalikazi. Mwezi, der Mond, ndi wamwamuna. Mtsikana naye, das Mädchen, anamuika gulu limodzi ndi mpeni.

“Amayi, kodi makolo anu anaona chiyani pa supuni kuti aiyese mwamuna?” anafunsa mmodzi wa ife.

“Palibe chimene anaona, abale anga,” anayankha akuseka. “Musafunse supuni chifukwa chake. Muziloweza dzina pamodzi ndi kamawu kake, ngati ndi mawu amodzi.”

Malangizowo ndi abwino, koma ife tikuona kuti chimene chimasokoneza ophunzira ndi mayina amene anapatsidwa kwa magulu atatuwa. Munthu akamva zoti “chachimuna” ndi “chachikazi” amayamba kufunafuna ndevu pa supuni. Komanso ambiri a ife timalowa m'Chijeremani kudzera pakhomo la Chingerezi, chimene chili ndi kamawu kamodzi kokha ka mayina onse, ndiye titatu timaoneka ngati chipwirikiti. Usiku umenewo, tikutsuka mbale kunyumba imene tinkagona, tinayamba kutchula ziwiya m'chinenero chathu: mpeni wanga, chipande changa, mbale yanga, lichero langa, kapoto kanga. Palibe mwana wa ku Ntcheu amene anafunsapo chifukwa chake lichero ndi “langa” pomwe chipande ndi “changa”. Aphunzitsi athu a Chichewa ankawatcha magulu a mayina, ndipo tinkawaimba pamtima: Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi, I-Zi, U-Ma, Ka-Ti. Ajeremani ali ndi atatu okha. Timati “mfumu yathu yafika” monga momwe timanenera kuti “mbuzi yathu yafika”, ndipo palibe mfumu imene inakwiyapo nazo.

Za mtsikana uja zinamasuka mosavuta. Mawu otchula chinthu mochepetsa othera ndi -chen onse amatenga das, kaya ndi munthu, nyama kapena chakudya. Galu ndi der Hund, kagalu ndi das Hündchen. Mphaka ndi die Katze, kamphaka ndi das Kätzchen. Buledi ndi das Brot, ndipo kabanzi ka m'mawa ndi das Brötchen. Ili ndi gulu lathu lomwe lija la Ka-Ti. Ifenso tikati “kamtsikana kafika”, mtsikanayo wachoka m'gulu la anthu n'kulowa m'gulu la kagalu ndi kambale, koma akadali mwana wa munthu. Titawafotokozera zimenezi mawa lake, aphunzitsi athu anatenga kope lawo n'kulemba “ka-” pambali pa “-chen”. Anati pa zaka zonse zimene anaphunzitsa, funso la das Mädchen linkabwera chaka ndi chaka, koma wobwera ndi yankho lake kuchokera kwawo anali asanamuone.

Kufanana sikunathere pamenepo. Mawu othera ndi -heit, -keit, -ung ndi -schaft pafupifupi onse amatenga die, ndipo ambiri ndi mayina a zinthu zosagwirika, zimene ife timakonda kuziika m'gulu la U-: die Freiheit ndi ufulu, die Freundschaft ndi ubwenzi, die Sauberkeit ndi ukhondo. Kwa wantchito wa zaumoyo lamulo limeneli ndi mphatso, chifukwa limanyamula mawu a ntchito yake ambiri nthawi imodzi: die Gesundheit, thanzi, die Krankheit, matenda, die Ernährung, kadyedwe, die Bewegung, kugwiritsa ntchito thupi. Mneni akasanduka dzina amatenga das, monga das Essen, das Trinken, das Schlafen, ndipo ife timachita chimodzimodzi tikamati kudya kwathu, kumwa kwathu, kugona kwathu. Ajeremani amakondanso kulumikiza mayina awiri kapena atatu kukhala liwu limodzi lalitali ngati sitima, ndipo gulu limachokera ku dzina lomaliza. Magazi ndi das Blut, koma kuthamanga kwa magazi ndi der Blutdruck, shuga wa m'magazi ndi der Blutzucker, chifukwa Druck ndi Zucker ndi a der. Chipatala ndi das Krankenhaus, nyumba ya odwala, popeza nyumba ndi das Haus.

Tisakunamizeni kuti Chichewa chimatsegula zitseko zonse. Mayina athu ambiri amavala gulu lawo pamphumi: ukamva chi- wadziwa kale kuti kukubwera “cha”. Mayina ambiri a Chijeremani, makamaka aafupi a tsiku ndi tsiku, saonetsa kanthu. Tebulo ndi der Tisch, chitseko ndi die Tür, zenera ndi das Fenster, ndipo palibe chizindikiro chokuthandiza. Pamenepo mpofunika kuloweza basi. Mayi aja anatipatsa timapepala ta mitundu itatu, tabuluu ta der, tofiira ta die, tobiriwira ta das, ndipo tinamata nyumba yonse, kuyambira pa bedi mpaka pa tsache. Pa kapepala kalikonse tinkalembanso dzinalo likachuluka, chifukwa apanso palibe lamulo limodzi: der Apfel, die Äpfel, das Kind, die Kinder, die Tür, die Türen.

Madzulo aliwonse tinkayenda m'nkhalango, monga amachitira anthu a kumeneko ngakhale kukuzizira. Agogo a zaka 80 amatuluka atavala majasi, n'kuyenda ola lathunthu popanda kokagula kapena kokaona wodwala, kungoyenda. Ife amene timaphunzitsa za mpweya wabwino ndi kulimbitsa thupi Sabata ndi Sabata tinaona chiphunzitso chathu chikuyenda ndi miyendo. Nthaka yake ndi yamchenga, ndipo mitengo yambiri ndi paini wa makungwa ofiirira cha kumwamba. Mtengo umenewu ndi die Kiefer. Koma der Kiefer ndi nsagwada. Kalembedwe n'kamodzi, katchulidwe n'kamodzi, chosiyanitsa ndi kamawu ka patsogolo kokha. Chimodzimodzi der See ndi nyanja yozunguliridwa ndi mtunda, n'chifukwa chake yathu amaitcha der Malawisee, pomwe die See ndi nyanja yamchere, monga die Ostsee imene ili kumpoto kwa dziko lawo. Ife timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika pokweza kapena kutsitsa mawu. Iwo ntchito yonga imeneyo anaipereka kwa der ndi die.

M'nkhalango momwemo ndi momwe tinakumana ndi gawo lachiwiri la nkhaniyi, lomwe ndi lolemera kuposa loyamba. Nkhalango ndi der Wald. Koma polowa aphunzitsi ankati tikupita in den Wald, ndipo titalowa ankati tili im Wald, chomwe ndi chidule cha in dem Wald. Der uja wasanduka den, kenako dem. Timawu timeneti sitikhazikika; timasintha malinga ndi ntchito imene dzina likugwira m'chiganizo, ndipo ntchitozo zilipo zinayi. Dzina likakhala mwininkhani, wochita, amati Nominativ. Likakhala pamtherankhani, wochitidwa, amati Akkusativ. Likakhala wolandira kapena wochitiridwa amati Dativ, ndipo likakhala mwini chinthu amati Genitiv. Mayina a der amayenda chonchi: der, den, dem, des. A das amati das, das, dem, des. A die amati die, die, der, der. Mayina akachuluka, a gulu lililonse, amati die, die, den, der. Malo onse pamodzi ndi 16, koma timawu tosiyana ndi 6 tokha, ndipo vuto lagona pomwepo: kamawu kamodzi kamagwira ntchito zingapo. Der wa patsogolo pa dzina la mwamuna ndi wochita, koma der wa patsogolo pa dzina la mkazi ndi wolandira kapena mwini chinthu.

Kuti timve kulemera kwake, aphunzitsi analemba ziganizo ziwiri. Choyamba: Die Tochter gibt der Mutter das Wasser. Chachiwiri: Der Tochter gibt die Mutter das Wasser. Mawu ndi omwewo, ndondomeko ndi yomweyo, mwana wamkazi patsogolo, mayi pambuyo. Koma m'choyamba mwana ndiye akupatsa mayi madzi, ndipo m'chachiwiri mayi ndiye akupatsa mwana. Muchotsepo madzi, muikepo mankhwala, ndipo muganizire namwino wolowa ntchito usiku akuwerenga zimene mnzake wa masana walemba. Wophunzira amene amati timawuti n'tokongoletsa chabe, bola anthu akumva, sanaimepo pambali pa bedi la wodwala.

Dativ ndi amene ophunzira ambiri amamuopa, koma kwa ife anali ngati mlendo amene nkhope yake tinaionapo kwinakwake. Tikati “ndaphika phala” n'kusintha kuti “ndaphikira mwana phala”, kachidutswa ka -ir- kaloza amene wachitiridwa. Mjeremani amati Ich koche dem Kind Brei. Ife chizindikiro timachiika pa mneni, iwo amachiika pa kamawu ka dzina, koma ganizo ndi limodzi. Ngakhale podandaula ululu timagwirizana. Ife timati “mutu ukundipweteka”: mutu ndiye wochita, ine ndine wochitiridwa. Iwo amati Der Kopf tut mir weh, mamangidwe omwewo ndendende.

Zimenezi tinazigwiritsa ntchito kunyumba ya okalamba, kumene tinkaloledwa kucheza ndi agogo, kuwayendetsa pa njinga zawo ndi kukhala nawo pa nthawi ya chakudya. Za mankhwala zinali za anamwino, ife tinkangoonerera. Munthu wamkulu samutchula du, chomwe ndi “iwe”. Amamutchula Sie, “inu”, ndipo Sie akakhala wochitiridwa amasanduka Ihnen. Choncho moni waulemu ndi Wie geht es Ihnen, ndipo pofuna kuthandiza umati Kann ich Ihnen helfen. Gogo wina wamkazi, amene ankakhala pafupi ndi zenera atafunda bulangeti m'miyendo, ankayankha alendo ndi mutu wokha. Tsiku lina mnzathu anawerama n'kufunsa, “Tut Ihnen der Kopf weh?”, kutanthauza kuti kodi mutu ukukupwetekani, agogo. Gogoyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira bondo nati, “Nein, das Knie.” Anawonjezeranso kuti “Mir ist kalt”, ndikumva kuzizira. Apanso ndi Dativ; akanati Ich bin kalt bwenzi akunena kuti thupi lawo lazizira ukaligwira, kapena kuti ndi munthu wouma mtima. Tinauza namwino za bondolo, tinabweretsa bulangeti lachiwiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo gogoyo ankatikodola tikangolowa. Zambiri zimene ankatiuza zinkatidutsa, koma tinkagwira timawu tokwanira kudziwa amene anachita kanthu ndi amene anachitiridwa.

Pamapepala a mankhwala tinaonanso aperekezi amene amalamula okha kamawu kotsatira. Mit, nach, bei, von, zu, aus ndi seit amakoka Dativ nthawi zonse, n'chifukwa chake “mutatha kudya” ndi nach dem Essen. Für, ohne, durch, gegen ndi um amakoka Akkusativ. Ena, monga in, auf ndi vor, amayang'ana ngati pali kulowera kwinakwake kapena kungokhala pamalo: gogo akamakagona akupita ins Bett, akagona ali im Bett. Palinso kagulu ka mayina a der amene nawonso amamera mchira. Wodwala wamwamuna ndi der Patient, koma den Patienten, dem Patienten. Munthu ndi der Mensch, koma den Menschen. Bambo kapena mbuye ndi der Herr, koma den Herrn. Mtima, das Herz, uli ndi njira yakeyake: dem Herzen, des Herzens. Amenewa tinangowaimba ngati ana a sitandade 2.

Lachinayi lina tinapita ku msika ku Magdeburg, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Elbe. Mitsinje nayo ili ndi magulu: die Elbe, koma der Rhein, ndipo Zambezi amati der Sambesi. Inali nyengo ya maapozi, mbatatesi, kabichi ndi maungu. Pogula, chinthu chimene ukufuna ndi pamtherankhani, ndiye dzungu limodzi, ein Kürbis, limasanduka einen Kürbis, pomwe eine Birne ndi ein Brot sizisintha. Maungu amaphika supu wokoma, koma masamba ake sadya, ndipo tinadutsa m'mphepete mwa dimba lina mitima ikuwawa poona nkhwani ukungofota. Buledi wawo wa ufa wosapuntha, das Vollkornbrot, ndi wakuda, wolemera ngati njerwa, ndipo kagawo kamodzi kamakusunga mpaka masana. Tikanakonda mabanja athu akanamayesa wotere m'malo mwa woyera wofewa uja, monga momwe timalimbikitsira mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Chakudya chamadzulo n'chopepuka, nthawi zambiri chosaphika, ndipo dzina lake ndi das Abendbrot, buledi wa madzulo.

Pofika mu Novembala dzuwa linkalowa isanakwane 5 koloko, choncho Lachisanu ntchito zinkatha msanga. Masiku onse a sabata ndi a der. Loweruka lili ndi mayina awiri: der Samstag, lomwe muzu wake ndi liwu lakuti Sabata, ndi der Sonnabend, lomwe limamveka kwambiri kumpoto ndi kum'mawa, makamaka pakamwa pa achikulire. Pakhomo la tchalitchi abale amapatsana moni wakuti Gesegneten Sabbat, Sabata lodalitsika. Tinafunsa chifukwa chake liwu loyambalo likuthera ndi -en. Yankho linali lakuti moniyo ndi chiganizo chodulidwa, “ndikukufunirani Sabata lodalitsika”, ndipo der Sabbat pamenepo ndi pamtherankhani. Ndi chifukwa chomwecho amati Guten Morgen ndi Guten Tag, koma Gute Nacht, popeza usiku ndi die Nacht, ndiponso kwa wodwala Gute Besserung, muchire msanga. Mfotokozi amatsatira gulu la dzina lake, monga ife timanenera Sabata labwino, tsiku labwino, ulendo wabwino, chaka chabwino. Kusiyana n'kwakuti ife timasintha kumutu kwa liwu, iwo kumchira.

Tikudziwa kuti m'mabanja ena owerenga magazini ino muli anyamata ndi atsikana amene akulingalira zokaphunzira kapena kukagwira ntchito ya unamwino ku Germany. Namwino wochokera kunja amafunika kufika pa mlingo wa chinenero wotchedwa B2 kuti avomerezedwe, ndipo pa mlingo umenewo kungodziwa mawu ambiri sikukwanira. Taona ana akulemba m'makope mndandanda wautali wa mayina opanda der, die kapena das, akuti adzawonjezera pambuyo. Kumeneko n'kumanga nyumba kuti maziko adzakumbe chaka chamawa. Ngati mwana wanu wayamba, muuzeni kuti asalembe Löffel payekha, alembe der Löffel, ndipo akakakamira pa lamulo lina ayambe wadzifunsa momwe Chichewa chimanenera asanathamangire ku Chingerezi.

Sabata lomaliza la ulendo tinapita ku Berlin kukaona Waldfriede, chipatala cha mpingo wathu chimene chinatsegulidwa mu 1920 m'dera la Zehlendorf, chakum'mwera cha kumadzulo kwa mzindawo, pafupi ndi siteshoni ya Krumme Lanke. Ndi dera la mitengo yambiri ndi tinyanja, losaoneka ngati likulu la dziko. M'sitima tinayamba kumasula mayina a malo athu. Mtendere ndi der Friede, ndipo umayenda den Frieden, dem Frieden, des Friedens. Waldfriede ndi mtendere wa m'nkhalango. Die Au ndi dambo la m'mbali mwa mtsinje, choncho Friedensau ndi dambo la mtendere, ndipo ka s ka pakatiko kakugwira ntchito ya “la” wathu. Pali lachitatu limene lili kufupi ndi kwathu kuno. Mu 1903, patangopita chaka chimodzi mpingo utagula malo amene lero ndi Malamulo, abale a ku Germany anatumiza amishonale awiri, Johannes Ehlers ndi A. C. Enns, ku mapiri a Pare m'dziko limene tsopano ndi Tanzania. Mishoni yawo yoyamba anaitcha Friedenstal, kuchokera ku das Tal, chigwa: chigwa cha mtendere. Mnzathu amene ankasunga timapepala anatulutsa titatu m'chikwama, kabuluu ka Waldfriede, kofiira ka Friedensau, kobiriwira ka Friedenstal, ndipo sitima inaima pa Krumme Lanke asanamalize kulemba.